Mutu wa Nkhumba Pakhomo la Mzikiti

Dzulo ndinalowa m'butchala ku Cape Hill, koma fungo la nkhumba yaiwisi litandiwomba, ndinatuluka osagula kanthu.

Fungolo linandikumbutsa zakale, ndili kamtsikana kongofika kumene kuno kudziko la azungu kuchokera ku Lilongwe. Mayi anga, omwe anali nesi, ankandiperekeza kusukulu asanapite kuntchito. Tinkadutsa pamzikiti waukulu wa njerwa zofiira, wa denga lozungulira ngati mbale yovundikira, ndi nsanja yaitali ya kamwezi pamwamba. Ine ndinkati ndi nyumba ya mfumukazi.

Tsiku lina m'mawa tinapeza mutu wa nkhumba pamasitepe. Magazi anali atayenderera pamatailosi obiriwira a maluwamaluwa, ntchentche zitadzaza m'maso mwake. Kununkha kwake! Bambo wina wachikulire wa ndevu zoyera anangoima chapatali.

"Amayi, wina wagwetsa ndiwo," ndinatero. "Tikawapatsire eni ake?"

"Khala chete, iwe."

Mayi anatulutsa magolovesi m'chikwama, n'kunyamula mutuwo pogwira makutu, kukauponya m'bini. Kenako anagwada, ali muyunifolomu, n'kuyamba kupukuta magazi. Ine ndinasanza pomwepo.

Bambo aja anabweretsa ndowa ya madzi. Anawauza mayi m'Chingerezi kuti matailosiwo anaika ndi malemu bambo awo, madzulo akaweruka kufakitale.

Njira yonse mayi ankangoti, "Zonyansa! Anthu opanda umunthu!"

Ine ndinkayesa akwiyira nyama yowonongekayo. Ndinadzamvetsa nditakula kuti mutuwo sunagwe mwangozi: munthu anachita kuunyamula kuchokera kwawo, n'kusankha khomo loti ausiyepo.