Sidik ndi Nsapato za pa Mzikiti

Amene amati Sidik wa pa Ntaja sanasinthe ndi abodza, ndipo akudzidziwa okha. Kuba ankaba, zimenezo palibe akukana. Koma mbuzi kapena njinga analibe nazo ntchito. Iye zake zinali nsapato za pakhomo pa mzikiti tsiku Lachisanu. Anthu akangogwada, mkuluyu ankasankha ngati ali m'sitolo. Mpaka amuna a pa Ntaja anachenjera: yakumanja ankaisiya pakhomo, yakumanzere n'kukaibisa kuseri, wina m'maluwa, wina pamphanda ya mtengo. Nanga wakuba nsapato imodzi apita nayo kuti?

Mu 1976 anatuluka kundende ali mpala psiti, nayamba kusoka nsapato pakhonde lina kumsika, kadi la chipani m'thumba ngati wina aliyense. Anafunsira Habiba, wogulitsa zitumbuwa, ndipo Habiba analola. Koma amjomba, kapena kuti amalume ake a mkaziyo, Che Usumani, amene anaberedwapo kawiri, anati munthu ameneyo asadzayerekeze kuponda pakhomo pawo.

Ndiye Lachisanu lina, mu Okutobala, Sidik anati aonetse mtima wake watsopano. Anthu ali mkati kuswali, anazungulira mzikiti wonse kutola zobisidwa zija, kuphatikiza iliyonse ndi inzake, kuzipukuta, n'kuzindandalika pamthunzi wa mango kuti zisapse ndi dzuwa. Sanasokoneze ngakhale imodzi.

Anthu potuluka, pakhomo mbee, kobisa kuja mbee. Kutembenuka, anangoona Sidik nsapato ya Che Usumani ili m'manja, singano pakamwa. Panalibenso zofunsa. Amuna makumi anayi, mapazi ali pamtunda, anamuyamba liwiro pamchenga wotentha, akudumphadumpha ngati ziwala m'chiwaya, ndipo mawu amene ankatuluka sanali a anthu ochokera kopemphera. Sidik anathawira kumango kuja, nakaima kuseri kwa mzere wa nsapato. Onse anangoti chilili.

Che Usumani anafika pomaliza akupuma mwa befu, nalanda nsapato yawo.

"Iwe, wadziwa bwanji kuti iyi ndi yanga?"

"Amjomba, ndakhala ndikuisirira zaka zitatu. Chidendene mumadyera kunja."

"Ndine mjomba wako ine?"

"Iyayi. Koma lamba uja ankakuvutani ndasoka."

Che Usumani anaivala, napondaponda, nayenda kukafika pachitsime ndi kubwerako, nkhope ili gwa. Kenaka anati ankhoswe a Sidik abwere Lamulungu, koma Lachisanu lililonse iye azikhala mkati, mzere wakutsogolo, pamene iwo angamuone bwinobwino.

Ukwati unachitika mvula isanagwe. Sidik anabereka ana asanu ndi mmodzi, nasoka nsapato za pa Ntaja mpaka maso anachita chidima, osatenganso ngakhale chingwe cha munthu. Mzere wakutsogolo sanajombepo. Koma Che Usumani, mpaka tsiku limene anawanyamula, ankalowa mumzikiti nsapato zili kukhwapa.