Mbale Imene Inkabalalitsa Dansi

Agogo, lero posuntha sutikesi yanu ndapeza mbale ya galamafoni ija, yong'aluka m'mphepete. Chaka chatha mwezi ngati uno tinali pakhonde ku Salisbury Lines, ine ndikudandaula kuti anzanga amandikuwiza ndikaika nyimbo zimene ndimakonda ineyo. Munaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, nyimbo imene ukuikonda chomene uziisunga," munatero. "Nthawi ya Chitaganya ndinkapukusa galamafoni pa madansi a Loweruka masana. Anthu ndinkawapatsa zothamanga zimene ankafuna, koma maso anga ali pakhomo. Yanga yozizirayi ndinkaiika pokhapokha ndikaona lole ya apolisi ikubwera kudzagwira anthu, kuti anthu aboweke azipita kwawo." Ndinafunsa ngati ankapitadi. Munapukuta mbaleyo ndi malaya anu. "Tsiku lina anakuwa kuti ndiichotse, ine ndinawamvera. Mng'ono wanga anakwezedwa m'lole ija, ndipo sanabwerenso."

Loweruka lino ndikaika nyimbo koyamba pa disiko ya kusukulu. Dzana ndinamva anyamata ena akunong'onezana kuseri kwa kalasi kuti adzabwera ndi zitsulo m'zikwama, akufuna mnzathu wina wa folomu 4. Ndawauza aphunzitsi, koma angoti ndi mphekesera. Galamafoni yanu ikulirabe, choncho nyimbo ija ndaijambula pa foni. Mwina adzandikuwiza, mwina sadzandiitananso. Ndidzaima moyang'ana khomo monga munkachitira, agogo, ndipo ndikangowaona anyamatawo ndidzaiika; ngakhale anthu akuwe bwanji, sindidzaichotsa.