Mashiti a ku Mateniti pa Njira

"Nanyoni, mwana wa eni musamuthire feteleza yense. Eni munda amatulukira tsiku lokumba." Anandiuza choncho malemu akulu anga, tsiku limene ndinabereka Tadala kumbuyo tikuchokera kumanda koika mayi ake, mwana wanga. Bambo ake a Tadala, aNgozo a ku Lizulu, anali atapereka ng'ombe za lobola, ndiye pa mwambo wathu mwanayo anali wawo. Koma anakwatira kwina msanga, osabwera kudzafunsa ngakhale kuti mwana wamera mano. Ndinamulera ine, ndi kachewere wa m'munda mwanga ku Tsangano.

Atatha Fomu 4 anati akufuna unamwino. Anapeza koleji ina ya munthu wamba mumzinda, yopaka penti wowala, ana ake ovala yunifolomu yoyera mbee. Ine mtima unkakana, koma ndinati ndisamutsekereze mwana. Chaka chitatha zinadziwika kuti bungwe loona za anamwino silikuidziwa kolejiyo, ndipo pepala lake ungokulungira usipa. Tadala anabwerako ndi sutikesi, maso ofiira. Anapita ku koleji ya pa chipatala china cha mishoni m'boma lathu lomwe lino kukafunsa ngati angapitirize pomwe analekezera. Anamuyankha kuti chaka chijacho sachiwerengera. Ayambire pansi, akonze kaye Bayoloje, alembe mayeso olowera pamodzi ndi khamu la anzake, akakhoza adzaonekere pamaso pa ofunsa mafunso. Malo ndi ochepa, ofuna ndi namtindi. Ukajomba tsiku lako, udikire chaka chamawa.

Apa ndinati sandipusitsanso. Koleji imeneyi ndikaione ndi maso anga ngati ana ake amagwiradi odwala. Ndinanyamula thumba la kachewere kukagulitsa ku khitchini ya chipatalacho, cholinga ndizisuzumira. Ndili pomwepo ndinamva ophika akunena kuti mayi wochapa wasiya ntchito chifukwa cha nseru. Ndinapita kwa a Matroni, mayi woyang'anira anamwino onse, wamfupi, wa mawu ngati belu la sitima.

"Agogo, magazi mumawaopa?"

"Ndimaopa anthu, mayi. Magazi sananamizepo munthu."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nkunena kuti ndibwere Lolemba. Umu ndi mmene ndinalowera ntchito yolembedwa koyamba, imvi zili mbuu. Tinapeza kachipinda ka lendi kufupi ndi chipatala, ine ndi Tadala.

Amene amaganiza kuti kuchapa kuchipatala nchimodzimodzi kuchapa pa mjigo, amve. Usanakhudze kanthu umavala magambutsi, epuloni ya pulasitiki ndi magolovesi ofika m'zigongono. Umayenda ndi wilibala wodi ndi wodi, ndipo zovala za wodi ina sizisakanikirana ndi za ina. Shiti suikumbatira pachifuwa. Umaigwira m'makona nkuitambasula pang'onopang'ono, chifukwa singano ya jakisoni imabisala m'mapindo. Zokhala ndi magazi umazitsuka kaye ndi madzi ozizira, poti otentha amaphika magaziwo nkuwamatiza pa nsalu. Kenako umaviika m'ndowa ya klorini, koma usaiwale nkupita kokamwa tiyi, nsalu imadyeka nkumang'ambika ngati tsamba la nthochi. Makintoshi, mphira uja amayala pansi pa wodwala, umamukwecha ndi burashi, osamuika m'makina. Makinawo analipo amodzi, ndipo magetsi akathima ankangokhala ngati mlendo. Zambiri zinali za manja.

Lamulo la a Matroni limene ankalibwereza linali la mashiti a ku mateniti, kochirira amayi. "Amenewa chingwe chake ndi cha kuseri kwa mpanda. Ndisadzawaone poyera." Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Mwamuna wa kwathu kuno sayandikira nsalu za uchembere. Amati zimadula, munthu amatupa miyendo nkuyamba kutsokomola. Ngakhale wa tayi, wopemphera kutsogolo m'tchalitchi, akaziona amakhota njira.

Koleji ndinaiona kuti ndi yeniyeni. Ana ake ankabwera kudzatenga mashiti, misana itawawa ndi kutembenuza odwala. Anthu ondinong'oneza za ziphuphu zolowetsera mwana nawonso anachuluka. Wina wa pa geti anati, "Gogo, ndili ndi munthu wanga m'katimo, mungondiona bwino." Ndinamuuza kuti ndikumuona kale, maso ndili nawo. Kwa a Matroni sindinatchulepo dzina la Tadala ngakhale kamodzi, kuopa kuti mawa ena adzati analowera pawindo. Mayeso olemba anakhoza yekha. Kunatsala kuonekera pamaso pa ofunsa aja.

Sabata yomweyo aNgozo anabwera nawo pa galimoto atadwalika, nkugonekedwa ku wodi ya amuna. Tadala ankapita kukawaona, nkumawamwetsa phala. Sindinamuletse. Bambo ndi bambo.

M'mawa wa tsiku la mafunso ndinasita bulauzi yake yoyera ndi simbi ya makala, nkumuuza kuti adikire kochapira kwanga mpaka nthawi ikwane, poti kunja kunali fumbi. Ine ndinatenga wilibala. Nditafika ku wodi ya amuna ndinapeza bedi la aNgozo lili matiresi okha, mashiti atakulungidwa pansi. Munthu wochapa safunika kuuzidwa. Ndinawatola m'makona monga mwa masiku onse, nkubwerera.

Sindinamubisire. Wobisa maliro ndi mfiti.

"Tadala, khala pansi. Bambo ako atisiya m'bandakucha."

Analira atagwira ndowa ya klorini. Ndinamuchotsa pamenepo kuti bulauzi ingathimbirire, nkumusiya alire. Atapuma ndinati, "Abale awo abwera kudzatenga thupi, ndipo adzafuna iwe, mwana woyamba, ukwere nawo. Kuika ndi mawa. Mafunso ndi lero. Ine sindikusankhira."

Anapukuta m'maso. "Agogo, ndikalowa. Ndikatuluka ndikwera minibasi, kusiwa ndikagona konko."

"Wanena wekha. Tsono khala m'katimu, usatulutse mutu."

Kochapirako kunali njira imodzi yotulukira kubwalo, yopapatiza, pakati pa khoma la khitchini ndi thanki ya madzi. Kuseri kunali kachitseko kotulukira ku makalasi a koleji, koma kiyi anali ndi wophika wamkulu, ndipo anali asanafike. Ndinamva kulira kwa azimayi ku mochale, ndinadziwa kuti afika. Ndinatenga chingwe, nkuchimanga kuchokera pa mpope wa thanki mpaka pa windo la khitchini. Ndinatola mashiti a ku mateniti m'beseni, ongotsukuluza kamodzi, madontho akuonekabe, nkuwayanika mopingasa njira yonse, akudontha.

Anatulukira atatu, patsogolo aNgozo aakulu, mkulu wake wa malemuyo, chipewa chili m'manja. Ataona zimene zinali pa chingwe anaima ngati afika pa mtsinje wodzaza. Anabwerera m'mbuyo pang'ono nkunjuta, poti ndine mpongozi.

"Apongozi, mwamva zatigwerazi."

"Ndamva, bambo. Pepani. Mashiti awo ndatola ndine."

"Tabwera kudzatenga mwana wathu. Galimoto ikudikira."

"Mwana wanu abwera madzulo. Ali ndi mafunso a sukulu."

"Sukulu? Atate ake ali gone m'bokosi, iye nkumakayankha za sukulu? Anthu akatiseka kumudzi. Ng'ombe zathu munadya, mayi."

"Zinadyedwa, eya. Zikopa zake zinathanso kalekale, mwanayu akudwala chikuku ndili ndekha. Ngati mukumufuna, njira ndi iyi. Dutsani."

Mmodzi wa anzawo aja, wachinyamatako, anasuntha phazi. Mphepo inakankha shiti nkumuwaza madzi pa nsapato. Analumpha ngati waponda moto, mnzake nkumukoka malaya. "Iwe, ufuna tiike awiri?"

ANgozo aakulu anaimirira. "Chabwino. Tikaitana azakhali ake. Iwo ndi mayi, adutsa."

Apo ananena zoona, mashiti sakanaimitsa mayi. Anangotembenuka, ine nkuthamangira ku windo la khitchini. Wophika wamkulu anali atangofika, akumanga duku. "Kiyi, mayi, kiyi! Mafunso mundifunse mawa." Anandiponyera. Ndinatsegula kachitseko, nkumukonza Tadala kolala. "Ukawayang'ane m'maso. Akakufunsa chimene walirira, ukawauze zoona." Anapita.

Azakhali akewo anafika chitenje chili m'chiuno, nkukankha mashiti ndi mkono. Anasuzumira m'makina, kuseri kwa mabeseni, paliponse. Atatopa anandiloza chala. "Mayi inu ndinu ouma mtima. Maliro anu mudzadziika nokha." Ndinati ndamva. Galimoto inanyamuka ndi nyimbo, Tadala mulibe.

Otsatira anali a Matroni. Anaima pomwe anaima amuna aja, manja m'chiuno.

"Nanyoni! Ndinati chiyani za mashiti awa?"

"Munati kuseri kwa mpanda, mayi."

"Ndiye awa akutani pakhomo pa khitchini, pomwe pamadutsa chakudya cha odwala?"

Ndinawafotokozera mwachidule. Sanaseke, sanandichitirenso chisoni. "Muwachape onse kuyambira poyamba, pansipa mukolope ndi klorini. Mukadzabwereza, magolovesi mudzasiye pa tebulo langa." Ananena zoona, pa ntchito ndinaphwanya lamulo. Ndinachapa mpaka zala kuchita makwinya. Koma kupepesa sindinapepese, ndipo mpaka lero sindinapepese kwa wina aliyense.

Tadala anatuluka dzuwa litapendeka, nakwera minibasi ya ku Lizulu. Anagona kusiwa, m'mawa anaponya dothi m'manda mwa bambo ake ngati mwana aliyense. Ena sanamuyankhe moni. Patapita milungu uthenga unabwera pa foni kuti amutenga. Lero ali m'chaka chomaliza, amandiuza za kuyeza magazi ndi kubaya mtsempha, ine nkumangoti eya, eya, koma uzitambasula shiti m'makona.

Chimene ndinatola pa ntchito imeneyo ndi ichi: tsiku la mwana likakwana, usayembekeze kuti wina akuimira pa njira. Uime wekha ndi chimene chili m'manja mwako, ngakhale chikhale chonyansa kwa anthu, mlandu udzauyankhe pambuyo.

Ntchito ndinasiya msana utakana, ndipo ndinabwerera ku Tsangano. A ku Lizulu akandiona pa msika amayang'ana kabichi. Tadala amabwera pa holide pokha, ndiye pakhomo ndili ndekha. Inu amene mumadutsa msewu wathu kukagula kachewere, muzipatuka pa nyumba ya malata adzimbiri yoyandikana ndi dibi lakale la ng'ombe. Muime pa msewu, muitane kuti "Nanyoni!", munene dzina lanu ndi kwanu. Chakudya musanditengere, sindidya. Ndikayankha mokalipa, dziwani kuti ndili bwino, pitirirani ulendo. Koma mukaitana kawiri kuli zii, thyolani chitseko.