Nthambo Imene Sindinazule

Chaka chimene ananditumiza ku Rufunsa kuchokera ku Lusaka, ndinapeza seva ya ofesi yathu, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a tonse, ili m'kachipinda kopanda zenera, kuseri kwa makatoni a mapepala akale. Woiyang'anira anali bambo wina wa ku Katete amene anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pa ntchito. Tonse tinkangowatchula kuti ba mdala. Ine ndinafika ndi satifiketi yatsopano ndi matama odzaza thumba.

Seva ija inali ndi makhadi awiri a netiweki, lililonse ndi nthambo yake yopita ku swichi, kabokosi kolumikiza makompyuta onse. Ba mdala anali atawamanga pamodzi kuti kompyuta iziwaona ngati khadi limodzi. Lina linkagwira ntchito, linalo linkangodikira kuti linzake likafa lilowe m'malo. Ine ndinati uku n'kuwononga. Ndinawavutitsa mpaka anandilola kusintha kuti onse awiri azinyamula katundu nthawi imodzi. Mafayilo anayamba kutseguka msanga, akalaliki ananditama, mutu wanga n'kukula.

"Vili bwino, mwaiche," anatero ba mdala, akunditchula ngati mwana wamng'ono. "Koma Mande iliyonse uzizula ntambo imozi, uone ngati inzake izagwira. Ukabweza, uzule inzake futi."

Chifukwa chake anandifotokozera bwino. Khadi limodzi likafa, linzake limasenza zonse mwakachetechete, anthu n'kumagwira ntchito osadziwa kuti atsala ndi mwendo umodzi. Njira yodziwira inali kuzula basi. Pakhoma pankapachikidwa kope. Ine ndinkachonga Lolemba ndikamaliza kuzula, iwo n'kusaina Lachisanu.

Ndinachita zimenezi miyezi ingapo. Ndiye Lolemba lina nditazula, makompyuta anaima kamphindi, mkulu wina wa ofesi n'kutaya kalata imene ankalemba. Anandikalipira pakhonde, anthu akumva, kuti ana a ku Lusaka timasewera ndi ntchito za anthu. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo manyazi sindiwatha. Lolemba lotsatira ndinaima pakhomo la kachipinda kaja, ndinamva seva ikulira bwinobwino, n'kuchonga m'kope. Timagetsi tosonyeza ngati khadi lili moyo tinali kumbuyo, kukhoma, ndipo sindinawerame n'komwe. Palibe chinachitika. Sabata linalo ndinachonganso. Masiku amenewo ba mdala ankakhalira kuyenda, lero ku Mpanshya, mawa ku Chinyunyu, kukonza makompyuta a m'maofesi ang'onoang'ono. Akabwera Lachisanu ali mbuu ndi fumbi, ankangofunsa kuti, "Unazula?" Ine n'kuvomera ndi mutu.

Mvula yoyamba inabwera ndi mphezi, m'sabata imene alimi ankalembetsa mayina kuti alandire feteleza. Khadi limodzi linapsa mmawa, anthu ali kale pamzere. Ndinauza akalaliki kuti asade nkhawa, linzake ligwira. Silinagwire. Nditatsegula zolemba za seva ndinapeza kuti linzakelo linafa kale mu Julaye, miyezi inayi yapitayo.

Makhadi atsopano anatenga masiku anayi kuti afike. Alimi ena anagona pakhonde, ena anabwerera pa njinga zawo. Mayi wina amene anachokera kupitirira Mpanshya, mwana ali kumbuyo, anandigwira malaya n'kundifunsa mwaulemu kuti abwerenso liti, poti anasiya munda wosadzala. Ndinamuyankha kuti netiweki yavuta, ngati kuti netiweki ndi nyengo.

Kenako kunabwera akuluakulu awiri ochokera ku Lusaka. Anatikhazika tonse, kope lija lili patebulo. Mmodzi anawerenga masabata onse ochongedwa kuyambira Julaye, n'kufunsa kuti amene ankayesa nthambo ndani.

Ndisanatsegule pakamwa, ba mdala anayankha. "Ni ine ninasaina, ba bwana. Siginecha ni yanga."

"Sitinafunse za siginecha. Tafunsa wamene enze kuzula."

"Seva ni yanga," anatero. "Mulembe ine."

Mkulu uja anandiyang'ana, kudikira. Ndakhala ndikubwerera pa mphindi imeneyo zaka zonsezi. Mawu anali pakamwa, ochepa chabe. Ndinaganiza za lendi, za mwana wanga amene anali atangoyamba sukulu, za mayi anga amene ankauza aliyense kuti ndili m'boma. Ndinayang'ana pansi, mkulu uja n'kulemba.

Ba mdala anawapumitsa ntchito nthawi isanakwane, ndi kalata yoipa m'fayilo yawo, atagwira zaka zoposa zanga zobadwa. Panalibe phwando lotsanzikana. Ndinawaperekeza ndekha kumsewu waukulu kukadikira basi yopita kum'mawa, nditasenza chikwama chawo. Tinaima pafupi ndi amayi ogulitsa chimanga chootcha, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinayamba mwachibwibwi kuti pali zimene ndikufuna kuwauza.

"Niziba," anandidula. "Siku ija ya mphezi ninayangana kumbuyo kwa seva. Fumbi yenze pa ntambo siyenze ya wiki imozi."

"Manje n'chifukwa chani simunakambe?"

"Nenze kuyembekeza kuti uzakamba iwe."

Sananene mwaukali. Bwenzi zili bwino akanandikalipira ngati mkulu uja wa pakhonde, chifukwa ndikanapsa mtima n'kupepukidwa. Basi inafika, anatenga chikwama m'manja mwanga, anandigwira paphewa n'kukwera. Ndinkati ndidzapita ku Katete kukapepesa bwinobwino, ndi nkhuku m'manja. Ndinazengereza chaka, kenako china, mpaka uthenga wa maliro awo unandipeza pafoni ndili pa desiki. Madzi akatayika saoleka, ndipo amenewa ndinataya ndekha.

Sabata imene anachoka pa ntchito, kalata inabwera yoti mpando wawo andipatsa ine. Lolemba ndinalowa m'kachipinda kaja, ndinagwada kumbuyo kwa seva, ndinazula nthambo yoyamba, ndinabweza, ndinazula yachiwiri. Zonse zinagwira. Lachisanu ndinatsitsa kope pakhoma kuti ndisaine. Pamwamba pa mzere wanga panali masiginecha awo khumi ndi asanu ndi awiri, iliyonse pambali pa bodza langa, ndipo ndinasaina pansi pake.