Njovu Imene Inkadikira a Mphepo

A Grey Mphepo a kwa Kapelula fodya amamudziwa. Apatseni tsamba la fodya wa bale, angolinunkhiza n'kukuuzani ngati linathyoledwa losakhwima kapena ngati chigafa chinkadontha. Pa zimenezo palibe angawatsutse. Vuto lawo n'lakuti amadziwanso za njovu, nyama imene anaionapo kamodzi kokha chibadwire, ndipo tsiku lomwelo anaiputa dala.

Munali mu 1994, iwo ali mnyamata, atapita kwa Chulu kukaonekera kwa makolo a chibwenzi chawo, Ezelina. Mudziwo uli kufupi ndi waya wotchinga paki ya nyama zakutchire. Madzulo Ezelina akuwaperekeza, anaona kanjovu kakutola masuku tsidya la waya. Munthu wanzeru akanangodutsa. Koma chikondi chimapusitsa, abale inu! Pofuna kuonetsa chamuna, a Mphepo anatola chibuluma n'kukagenda pakhutu, nakuwa kuti, "Choka apa, chimakutu iwe!"

Njovu inasiya kutafuna. Inatembenuka, inawayang'ana kwa nthawi, kenako inalowa m'tchire. Nkhalamba ina imene inkasema mpini chapafupi inapukusa mutu.

"Mwana iwe, wadziputira," inatero. "Njovu siiwala. Ngakhale patapita zaka makumi atatu, idzakuzindikira ndi fungo."

Mawu amenewo analowa n'kukhazikika. Kwathu kuno mkamwini amayamba wakhala kuchikamwini, kulimira apongozi, anthu aone ngati khasu amalitha. A Mphepo ayi. Ukwati usanathe n'komwe sabata anatuma ankhoswe kukapempha chitengwa, n'kumutenga Ezelina ulendo wa kwa Kapelula, mbali inayo ya boma, kumene nyama yaikulu kwambiri ndi ng'ombe. Kuchokera tsiku limenelo phazi lawo silinapondenso kwa Chulu.

Ndipo fodya ndi mbewu yabwino kwa munthu wofuna ponamizira. Kukakhala ukwati kwawo kwa mkazi, iwo ali ndi nazale yothirira. Kukakhala ubatizo, akuwokera. Pa Khirisimasi akubandira. Kenako kuthyola, kusoka, kusankha, kudinda mabelo, ulendo wa ku okushoni, n'kuyambiranso nazale. Ezelina ankapita yekha ndi ana, n'kumakanena kuti bambo atanganidwa.

Chodabwitsa n'chakuti mantha omwewo anawasandutsa katswiri. Pa bawo, munthu akangotchula njovu, masewera ankaima. A Mphepo ankafotokoza kuti njovu imaopa mbewa chifukwa mbewa imalowa m'chitamba. Ankati ukakumana nayo uvule zovala, imachita manyazi n'kutembenuka. Ankati ikadya mfula imaledzera n'kumavina. Ankatinso kufupi ndi tchire usaitchule dzina, uziti "achimwene," chifukwa imamva miseche.

"Kodi bambo a Thoko, inu mwaonapo njovu zingati?" Ezelina anafunsa tsiku lina akusoka fodya m'chigafa.

"Imodzi," anayankha. "Koma ndinaiona bwinobwino."

Anthu ankaseka, Ezelina nayenso ankaseka. Anasiya kuseka chaka chatha mu Febuluwale, mayi ake atamwalira. Apo ndiye panalibe ponamizira, maliro a apongozi sathawika. A Mphepo anavala jekete, anakwera minibasi mpaka pa boma. Atafika poimikira njinga za kwa Chulu, miyendo inakana. Anaima pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera kwawo. Zinali zamanyazi, ndipo iwo eni ankadziwa kuti n'zamanyazi.

Ezelina atabwerako kumaliro sanakalipe. Bola akanakalipa! Anathyola nawo fodya, anasankha nawo, mpaka belo lomaliza linakwera galimoto. Kenako m'mawa wina anamanga katundu wake m'chitenje.

"Ndikupita kwathu kukasosa munda wa amayi," anatero. "Njira mukuidziwa. Mvula yodzalira ikagwa musanafike, musadzavutikenso kubwera."

A Mphepo anati ndi mkwiyo wa masiku awiri. Unatha mwezi. Unatha wachiwiri. Okutobala atafika mitambo inayamba kusonkhana chakumadzulo, ndipo usiku tulo tinkawasowa. Mkaziyo ankamufuna, osati chifukwa cha kuchapa kapena kuphika ayi, koma m'nyumba munalibenso wowatsutsa, ndipo nkhani zawo zinkangogwera pansi. Tsiku lina kutagunda bingu, anatenga khasu n'kupita kukakumba mbewa.

Anagwira zisanu zamoyo. Anaziika m'chitini cha penti, anaboola timabowo pachivundikiro, anathiramo gaga pang'ono. Mu minibasi anachifungatira pamiyendo ngati mwana wodwala. Mayi amene anakhala nawo pampando atamva kukwekwesa anafunsa kuti muli chiyani.

"Chitetezo," anatero a Mphepo, osamuyang'ana.

Wakabaza anawatsitsa pamene msewu umathera mumchenga, n'kuwalozera kanjira kodutsa m'dambo. Dzuwa linali litapendeka. A Mphepo anayenda monyang'ama, chitini kutsogolo, pakamwa akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Anadutsa dimba la mpiru, anadutsa la tomato. Atakhota pa nthochi, anaima chilili.

Inali pomwepo, m'dimba la nzimbe, kutalika kwake kofika denga la chigafa. Inkathyola nzimbe n'kumaponya m'kamwa mosafulumira.

"Achimwene," ananong'ona a Mphepo. "Zija zinali zachibwana."

Njovu inapitiriza kutafuna.

A Mphepo anatsegula chitini n'kukhuthula mbewa cha kumene kunali njovuko. Koma mbewa zinalibe nazo ntchito za njovu. Zinayi zinathawira mu udzu. Yachisanu, imene ulendo unaisokoneza mutu, inaona dzenje lapafupi kwambiri, mwendo wa buluku la a Mphepo, n'kulowamo.

Mayo ine! Munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu anadumpha ngati mwana wa mbuzi. Lamba uko, nsapato uko, buluku uko. Atapezeka ali ndi kabudula wamkati yekha ndi jekete, anakumbukira kuti paja njira yachiwiri ndi yomweyi. Anavulanso jekete ndi malaya, n'kuima njo, manja m'mbali, kudikira kuti njovu ichite manyazi.

Njovu inakupiza khutu limodzi kuingitsa ntchentche. Inathyola nzimbe ina. Kenako inagwetsa ndowe, phu, phu, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera ku paki, osawacheukira ngakhale kamodzi.

Apa mpamene mutu wa a Mphepo unasokonekera. Mantha anatha, panabwera mkwiyo. Zaka makumi atatu akuthawa, maukwati aphonya, maliro aphonya, banja lili pang'ono kutha, ndiye chinyamacho chingodutsa ngati chadutsa chitsa?

"Iwe!" anakuwa. "Ndine Grey Mphepo! Wa chibuluma uja!"

Sanamalize. Dzanja linawatseka pakamwa n'kuwakokera kuseri kwa chulu. Anali a Prosper, mchimwene wake wa Ezelina, mwini dimbalo, amene anali atabisala pamenepo kudikira kuti njovu ichoke.

"Alamu, mwapenga?" ananong'ona. "Mwayi wanu mphepo ikuchokera kumene ili iyoyo, fungo lanu silinaifike. Nyama imeneyi imapha anthu kuno, si yamasewera."

"Ndiye kuti sinandizindikire?"

"Ikuzindikireni ndinu ndani? Zoti imakumbukira n'zoona, njira ya kumadzi siiwala, dimba langa lino siiwalanso. Koma njovu m'pakimu zilimo zambirimbiri, zina anachita kubwera nazo pa magalimoto. Yanu ija mwina inafa kalekale."

"Nanga mbewa?"

"Mbewa ndi ndiwo, alamu. Njovu imadana ndi utsi wa tsabola ndi njuchi, ndipo ikakhala ndi njala, nazonso nthawi zina imangodutsa. Valani buluku, amayi akutunga madzi apo akuonani."

Analidi atawaona. A Mphepo asanafike m'mudzi, nkhani inali itafika kale, ndiponso itakula. Ana ankagubuduka ndi phwete, amayi akubisa nkhope m'zitenje, wina n'kufunsa mokweza ngati akamwini a kwa Kapelula onse amapereka moni chomwecho. A Mphepo anangoti mutu zyoli, nsapato imodzi m'manja.

Ezelina yekha sanaseke. Anali pakhonde akusankha mbewu ya mtedza. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapatolo.

"Mwabwera?"

"Ndabwera, mayi a Thoko."

"Musakhale pansi. Tiyeni kuno."

Anawatsogolera kuseri kwa mudzi, kudutsa minda yososedwa kale, yoyera, yodikira mvula. Pakati pa mindayo panali chigawo chimodzi cha tchire lokhalokha, mitengo ya msuku ndi mitondo yonenepa ngati ntchafu ya munthu.

"Nanga apa bwanji simulimapo?" anafunsa a Mphepo. "Nthaka yabwino chonchi?"

"Ndi panu," anatero Ezelina. "Amayi anakudulirani chaka chimene tinakwatirana. Achimwene anapapempha, anawakaniza. Adzukulu anapapempha, anawakaniza. Chaka chilichonse ankati, musakhudzepo, akamwini anga akatha za fodya abwera."

A Mphepo anayandikira mitengoyo. Anagwira mtengo umodzi, anayesa kuuzungulira ndi zikhatho ziwiri, sizinakumane. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

"Kodi nkhwangwa ya amayi ilipo?" anafunsa.

"Ilipo, koma yabuntha."

"Kanditengereni. Ndinola ndekha."