Msana wa Choko Chofiira

Zefaniya Kamwendo ndinamuphunzitsa Sitandade 6 ku Mitundu. Ndiye ankatijambulira mapu pabolodi, ndipo anzake ankakana kufufuta. Lero tonse tili kudziko la Aluya: iye ndi mlonda pa hotela ina ku Festival City, ine ndimathandiza kuphunzitsa tiana ku Oud Metha. Timaonana kutchalitchi.

Bambo ake anamwalira iye ali kuno, ndipo kumaliro sanapite. Mkuluyo sanajambulitsepo chithunzi moyo wake wonse. Zefaniya analonjeza mwana wake Tasila kuti adzamujambulira nkhope ya agogo ake. Koma akati agwire pensulo, nkhopeyo inkamuthawa.

Chaka chatha hotelayo inaonetsa zojambula zakale. Anamuika kulondera chipinda chamagetsi ochepa, poti kuwala kwambiri kumasuwitsa zojambula zotere. Pakhoma panali pepala lochokera ku Italy: nkhalamba yowerama, yojambulidwa ndi choko chofiira zaka mazanamazana zapitazo. Dzina la wojambulayo linatayika kalekale.

"Aphunzitsi, ndi bambo enieni akupalira fodya," anandiuza Lamulungu lina. "Khosi, mapewa, ngakhale mmene ankapindira bondo. Koma Mtaliyanayu ndi wankhanza. Anawapatsa msana wokha, nkhope ili uko."

"Mwina nayenso inamuthawa," ndinatero. Sanaseke.

Anagula choko cha atelala ku Deira. Akaweruka ankakhala pabedi lake lam'mwamba n'kumajambula msana uja pa makatoni. Ankakhulupirira kuti akaukhoza bwinobwino, dzanja lidzapitirira lokha mpaka kumaso.

"Achikulire akowa atembenuka liti, amwene?" ankamuseka Maxon, mnzake wa chipinda chimodzi. "Kapena unawalakwira?"

"Atembenuka, inshallah."

Chionetsero chinatha. Pepala lija analitsekera m'bokosi, iye akuona. Kapitawo wake anangoti, "Khalas, zatha basi. Yalla, tiye pansi!" Kuyambira pamenepo Zefaniya amalondera magalimoto kunsi kwa hotela.

Mwezi watha anandionetsa makatoni ake. Misana yokhayokha, ina yokongola kwabasi. Pa katoni yomaliza panali khosi ndi khutu, kutsogolo kwake popanda kanthu. Tikuyang'ana choncho, foni yake inalira. Anali Tasila.

"Adadi, agogo aja mwamaliza?"

"Ndatsala pang'ono, mama."

Atadula foni, anakulunga choko chotsala m'kapepala n'kundiika m'manja.

"Mukapatse ana anu, aphunzitsi. Poyamba ndinkakumbukirako mphuno. Tsopano ndikatsinzina ndimangoona nkhalamba ya Mtaliyana ija."