Hilario ndi Wotchi Yotsalira

Kusanache bwino, udzudzu usanabwerere kumabango, Hilario Zuze amakhala atadzuka kale. Amagwada pamkeka kupemphera, kenaka n'kupopa tayala la njinga limene limaphwa tsiku lililonse. Mkazi wake Jesinta amamumangira mbatata yophika m'kansalu.

"Moti makina anuwo sangadikire munthu amweko tiyi?" amatero Jesinta.

"Akadadziwa kudikira bwenzi nditanenepa, mayi a Praise."

Hilario anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo. Makolo ake anachokera ku Mutarara. Zamakompyuta anaphunzira ku Blantyre, koma kuzizira kwa kumtunda kunamukana, n'kubwerera kuchigwa. Ntchito anaipeza pa kaofesi ka bungwe lina pafupi ndi Chiromo, pamene amayeza madzi a Ruo ndi Shire. M'kachipinda kamkati muli kompyuta yaikulu imene amaitcha seva. Madzi akayamba kukwera, seva imatumiza uthenga kulikulu, ndipo makina akumeneko amachenjeza midzi yakumunsi pa mafoni, anthu a zimkuzamawu n'kuyamba kulengeza. Mu umodzi mwa midziyo munkakhala mayi ake, a Helena, amene anakana kutalikirana ndi dimba lawo ndi manda a amuna awo.

Vuto linali wotchi. Seva siyenera kudalira wotchi yake yokha. Imafunsa nthawi kwa zinzake pa intaneti n'kumadzikonza. Hilario anaikonza yake kuti izitero, anaiuza makina oti iziwafunsa, anayesa kambirimbiri. Koma a kulikulu, poopa akuba a pa intaneti, anatseka njira zonse kusiyapo yodutsa uthenga wa madzi. Seva inkafunsa, osayankhidwa. Wotchi yake inkatsalira, ndipo ikazima inkadzuka ili m'chaka chakalekale. Uthenga wa tsiku lolakwika makina a kulikulu ankautaya, poyesa ndi wakale. N'chifukwa chake Hilario ankalawirira kukaika nthawi pamanja, akuonera pa foni yake.

Chaka china mu Malichi mvula inagwa osalekeza kumapiri. Kamtsinje kamene amawoloka popita kuntchito kanadzaza, mlatho wamitengo n'kupita. Hilario anaima tsidya lino, njinga ili m'manja, naimbira a Geresomo, mlonda wa paofesi.

"Madala, makina akuyaka?"

"Ndinazimitsa, mwanawe. Ziphaliwali zija simunazione? Galasi lake ndaphimba ndi chitenje, lingatikokere mphenzi."

Kwawo kwa a Geresomo, mvula ikamagunda kalilole aliyense amavundikiridwa. Iwo anaona kuti ateteza katundu wa bungwe.

"Yatsaninso, chonde. Mundiwerengere zimene zituluke pakona."

Anawerenga pang'onopang'ono, akudandaula za maso. Chaka chimene anatchula, Hilario anali asanakwatire n'komwe. Anayamba kuwauza zoti alembe, chilembo chimodzichimodzi, iwo akusakasaka ndi chala.

"Timizere topendekerati tilipo tiwiri. Nditenge kati?"

"Kopendekera kumanja, madala."

"Kumanja kwanga kapena kwa makina?"

Asanayankhe, foni yake, imene inali itamwa mvula kuyambira m'mawa, inazima. Pamsewupo panalibe munthu wina. Anatsika m'madzi mpaka m'chiuno, mtengo wa nthochi wozuka unamugunda, nabwerera. Anakhala pansi m'matope, akutchula dzina la Mulungu, popeza china choti achite panalibe. Kutsidyako seva inaona madzi akukwera, inatumiza uthenga, n'kutumizanso. Wonse unatayidwa.

Madzi anafika kwa a Helena dzuwa lili pamutu. Amiyendo yolimba anathawira pachulu ndi m'mitengo. A Helena miyendo inali itawakana kale. Zaka zina chenjezo likabwera, anzawo a mumpingo ankawakweza pa ngolo n'kupita nawo kusukulu ya pamtunda. Ulendo uno anawapeza patapita masiku, m'mabango.

Pamaliro a mayiwo, a Geresomo anakhala patali, pansi pa mtengo wa masau, chipewa chili m'manja. Hilario anawatsata, nakhala nawo pansi.

"Si inu, madala," anatero.

Ntchito sanasiye. Jesinta anamuuza kuti akafunsire ina ku esiteti ya nzimbe, iye anangoti kumunsiko kudakali amayi awo a anthu ena.

M'chilimwe, mvula imeneyo isanabwere, kunali kutafika mkulu wina wa kulikulu, a Nicholas, kudzayendera ofesi. Kunkatentha, ndipo sanakhalitse. Hilario anawaperekeza mpaka pagalimoto, manja ali kumbuyo. Iwo anali pa foni kale, ndipo anangomukwezera dzanja, zenera likukwera. Mawu a Hilario anawamva ndi a Geresomo okha, amene ankatsegula geti:

"Bwana, titsegulireniko kanjira kamodzi kokha, makinawa azifunsa okha nthawi. Tsiku lina ine ndidzalephera kuwoloka."